Osagwilako, Uzaononga

Nakula na mau amenewa. Anali kukambidwa pa wailesi ya atate, pa TV ya ba neba, na pa kompyuta imodzi ya kusukulu kwathu imene inali kukhala yofundika nsalu monga mtembo. Manje nili na zaka 26, nimakonza mafoni pa kantemba mu Chawama, ndipo mau amodzimodziwo nikali kuwamva. Masiku ano amakambidwa pa kabokosi koyela ka tumagetsi tophethila kamene kamakhala pa windo, rauta. Nifuna kukangana nao mau amenewa, ndipo niyambila pa ndeu ya pa mdadada pathu, cifukwa ni kumene n'naonela kuti kusagwilako nakonso kumaononga.

Pa mdadada pathu pali zitseko 7. Mu 2024, caka ca cilala cija, tinagwilizana zosonkha ndalama mwezi na mwezi kuti tizigula bundle imodzi yaikulu, m'malo mwa tumabundle twa tsiku tumene tumatha ukali kupeleka moni. Rauta ya 4G inaikidwa pa windo ya ba landilodi pakuti nyumba yao ndiyo ili pakati. Mwezi woyamba bundle inatha pa 19. Waciwili inatha pa 16. Mlandu unagwela mnyamata wa citseko cothela, wa giledi 12, amene amakhala na ambuye ake. Umboni unali wakuti amaoneka na foni m'manja nthawi zonse. "Ni uyu mwana, amadaunilodi mafilimu usiku," ba landilodi anaweluza, ndipo anasintha pasiwedi osamuuza. Ambuye ake anali atasonkha ndalama zao za tomato mofanana na ise tonse. Mnyamatayo anali kukonzekela mayeso, ndipo mapepala akale a mayeso anali kuwatenga pa intaneti pomwepo.

N'napempha kuti nitsegule peji ya rautayo nione. Inanionetsa maina a mafoni olumikizidwa, mphamvu ya netiweki, na malo osinthila pasiwedi. Kwatha. Kabokosi kamene meseji iliyonse, nyimbo iliyonse na vidiyo iliyonse ya pa yadi imapitamo kanakana kuniuza kuti ndani wadya zingati. Ine nimatsegula mafoni tsiku lililonse, nidziwa kuti m'kabokosi muja muli kompyuta yeniyeni, ili na purosesa na memori, ndipo kuwelenga mabaiti ni nchito yaing'ono kwa iyo. Munthu wina kutali, amene sanaponde mu Chawama, ndiye anasankha zimene ine niyenela kuona na zimene siniyenela. Tinagula kabokosi, timakadyetsa magetsi na ndalama, koma kamamvela wina. Akulu anati fodya wako ni uja ali pamphuno, wa pacala ni wa mphepo.

Ife sitinayambe ndife kukwiya na nkhani imeneyi. Mu December 2002 kampani ya ku America ya Linksys inatulutsa rauta ya buluu na yakuda yochedwa WRT54G. Mu 2003 anthu okonda kusuzumila m'zinthu anapeza kuti mkati mwake mukuyenda Linux. Linux ili na laisensi yochedwa GPL, ndipo lamulo lake silivuta kumva: sewenzetsa mahala, gulitsa ngati ufuna, koma amene wam'gulitsa um'patsenso source code, malemba amene pulogilamuyo inalukidwa nao, kuti nayenso athe kuisintha. Linksys, imene caka comweco inagulidwa na Cisco, inali isanacite zimenezo. Anthu anacita congo, Free Software Foundation inalowelelapo, ndipo code inatulutsidwa. Mu January 2004 panabadwa OpenWrt, ndipo zilembo zothela za dzina lake ni za rauta ija. Anyamata amene anaiyamba anali na nthabwala zao: matembenuzidwe oyambilila anali kuwapatsa maina a zakumwa za m'bala, White Russian, Kamikaze, ndipo ukalowa m'rauta unali kupeza atalemba na kasakanizidwe kake. Anakanganapo, mu 2016 gulu linagawanika, ena anayamba LEDE, ndipo mu 2018 anabwelelana. Ni anthu wamba, amayambana monga ife. Koma zimene analuka zakhala zaka zopitilila 20, ndipo lelo zimayenda pa mitundu ya marauta yoculuka kwambili.

Onani bwino mmene zinayambila. Palibe kampani imene inagalamuka m'mawa na mtima wabwino n'kupatsa anthu kiyi. Anthu anagwilako coyamba, anapeza zimene zinabisika, ndiye anaumilila.

Ine n'nagula Raspberry Pi 4 ya kaunjika kwa mnyamata wina amene anali atatsiliza pulojekiti yake ya ku koleji. Ni kompyuta yathunthu pa kabolodi kamodzi kolingana na khadi ya ATM. Ilibe hadi disiki, zonse zimakhala pa memori khadi yofanana na ya m'foni. Umatenga image ya OpenWrt pa intaneti, umailemba pa khadi, umalowetsa, umalumikiza nthambo ku laputopu, umalemba 192.168.1.1 m'browser, ndipo peji yochedwa LuCI imatseguka. Tsiku loyamba n'naona monga nalowa m'shopu imene moyo wanga wonse n'nali kuguliila pa kawindo.

Sinidzakunamizani kuti zinayenda monga madzi. Pi 4 ili na pologwela nthambo ya netiweki imodzi cabe, pamene rauta imafuna ziwili, ina yolowela intaneti, ina yotulukila ku nyumba. N'nagula ka adaputa ka USB. OpenWrt inakana kukazindikila cifukwa driver yake siinali m'image, ndipo kuti uike driver ufunika intaneti, imene inayenela kupita pa ka adaputa komweko. N'nakhala usiku wonse nili kuyangana khoma. M'mawa n'napeza kuti pa Firmware Selector ungalembe dzina la driver, kmod-usb-net-rtl8152, ndipo amakuphikila image ili nayo kale. Safunsa anadya phula. Cotsatila, Wi-Fi ya Pi ni yofooka, siingadutse zipupa 7 za mabuloko, conco n'natenga rauta yakale imene kasitoma anasiya pa kantemba, n'naizimitsa DHCP, n'naisandutsa mlongoti cabe. Wi-Fi ya kabokosi ka pa windo n'naizimitsa kuti munthu aliyense azipita pa Pi. Ndiyeno n'naika nlbwmon, kapulogilamu kamene kamawelenga mabaiti a cipangizo ciliconse. Patapita masiku atatu malaiti anapita, ndipo atabwela manambala onse anali atasowa. OpenWrt imasunga zinthu zotelo m'memori imene imafufutika magetsi akazima, kuti isalemeze khadi na kulembalemba. Kwa anthu amene magetsi sawathawa ni nzelu yabwino. Kwa ife, m'caka cimene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela monga mlendo wa usiku, n'nafunika kuiuza kuti izilemba pa khadi pafupipafupi. Ubwino wake, n'nali na mphamvu yoiuza. Ndipo kabolodi kameneka kamadya ma volts 5 monga foni, conco power bank yabwino imakanyamula maola angapo.

Patapita mlungu n'nali na manambala. Foni ya mnyamata uja inali pafupi na pansi pa mndandanda. Cinthu cimene cinadya kupitilila hafu ya bundle inali TV ya ba landilodi. Inali kukhala pa YouTube kucokela m'mawa, vidiyo ikatha ina imadziyambila yokha, pa cithunzi cowala kwambili, olo m'nyumba mulibe munthu. Iwo sanali kuba. Anali kukhulupilila na mtima wonse kuti TV siidya bundle cifukwa si foni.

N'napita na laputopu madzulo, n'nagwada monga mwa mwambo, n'nawaonetsa. Anayangana nthawi yaitali. "Aya makina amanama," anatelo. N'nawapempha kuti tizimitse TV kwa ola imodzi tione ngati nambala izayenda. Siinayende. Sanapepese, ndipo ine sin'nayembekeze kuti mudala wa zaka zao angapepese kwa mwana wa lendi. Koma m'mawa mwake anatuma mdzukulu wao ku citseko cothela na kapepala ka pasiwedi. Cithunzi ca TV tinacitsitsa, tinazimitsa zodziyambila, ndipo mwezi umenewo bundle inafika pa 30.

Miyezi iwili mwana anasenza mlandu wa TV. Nikamva munthu akuti rauta ni nkhani ya ma geek, nimakumbukila nkhope ya ambuye ake tsiku limene pasiwedi inasinthidwa.

Pali cina cimene Pi inatikonzela, ndipo ici nimacikonda kwambili cifukwa aliyense wa mu komboni amacidziwa olo sanamvepo dzina lake. Ganizani za pompi ya pa kiosiki. Kutsogolo kuli munthu na dramu ya malita 210, kumbuyo kuli kamwana na kapu, kafuna cabe kumwa. Ngati lamulo ni lakuti wofika coyamba atsilize, kamwanako kadzafa na ludzu kali pa mzele. Marauta ambili ndiye mmene amacitila. Wina akayamba kutumiza vidiyo yaikulu, mapaketi ake amadzaza mzele, ndipo mau ako a pa WhatsApp, amene ni tumapaketi tung'onotung'ono tofuna kufika msanga, amaima kumbuyo. Ndiye cifukwa cake umamva mnzako akudukaduka olo netiweki ionetsa yodzala. Vuto limeneli Jim Gettys analipatsa dzina lakuti bufferbloat ca m'ma 2010, ndipo iye na Dave Täht, amene anamwalila mu 2025, anasonkhanitsa anthu kuti alithetse. Zotulukapo zake, fq_codel na CAKE, zili mu Linux, ndipo pa OpenWrt umazitsegula na package yochedwa SQM. CAKE imacita zimene mayi wanzelu wa pa kiosiki amacita: imauza wa dramu kuti apatseko mpata wa kapu, ndipo imagawa pompi mofanana pa zipangizo zonse. Umaipimila liwilo locepelako pang'ono pa limene umalandila, kuti mzele uzikhala m'kabokosi kako kumene uli na ulamulilo. Pa 4G siicita bwino kwambili monga pa fibre, cifukwa liwilo la mlongoti limakwela na kutsika, madzulo maka-maka. Koma amai a citseko cacitatu, amene amuna ao amayendetsa mathilaki ku Kasumbalesa, anasiya kutuluka panja kukakuwa kuti ndani akudaunilodi.

Manje tiyeni kwa amene amanitsutsa, cifukwa alipo ndipo ena ni abale anga.

Msuweni wanga ali na dipuloma ya IT. Atabwela kudzaona, anaseka. "Iwe, ivi ni vidoli. Ku nchito tisewenzetsa Cisco na MikroTik." N'namufunsa ngati amadziwa zimene zimayenda m'rauta ya Starlink, imene inafika m'Zambia mu 2023 ndipo mabwana ake amainyadila. Pulogilamu yake inamangidwa pa OpenWrt, ndipo SpaceX inaika code yake poyela. Marauta a GL.iNet ni OpenWrt yovala malaya ena. Turris ya ku Czech Republic cimodzimodzi. Makampani amatenga cidoli cimeneci, amacipaka penti, amakhoma zitseko zina, ndiye amatigulitsa. Iwo akagwilako ni bizinesi, ife tikagwilako ni kuononga. Ndipo zimene msuweni wanga analoweza pa bolodi, DHCP, DNS, NAT, VLAN, firewall, ine n'naziphunzila pozithyola na manja anga pa kabolodi ka kaunjika. Sinikunyoza dipuloma yake, anaivutikila. Cimene cimaniwawa ni cakuti zaka zitatu anaphunzila za netiweki, ndipo zipangizo zenizeni anali kuziona m'kabati yokhoma, kiyi ili na mphunzitsi. Tumabolodi 10 na mamemori khadi 20 tungapatse kalasi yonse cinthu cothyola m'mawa na kukonza masana. Ukaononga OpenWrt pa Pi, umacotsa khadi, umalembanso, mphindi zocepa wabwelela. Pa zinthu zonse za magetsi zimene nagwilapo, ici ndiye covuta kwambili kucipha, koma ndiye cimene ana amaopsezedwa naco.

Ena amati kabokosi kotseka ndiye kotetezeka, cifukwa kanapangidwa na akatswili. Funsani rauta ya pa windo panu kuti inalandila liti update yothela. Foni imakuvutitsani mwezi na mwezi kuti muikonze, koma rauta imangokhala zaka, cete, na mabowo amene akuba anawadziwa kale. Kampani ikatulutsa mtundu watsopano, wakale imausiya, ndipo imati gulani wina. Mu 2016 pulogilamu yoipa yochedwa Mirai inayenda pa intaneti ikugogoda pa makamela na marauta, ikuyesa maina na mapasiwedi a ku fakitale okwana ngati 60 cabe, monga admin na admin. Inalowa m'zipangizo masauzande ambilimbili ndipo inazisandutsa gulu la nkhondo. Mu October caka cimeneco gululo linagwetsa kampani ya Dyn, ndipo Twitter na Netflix zinasowa kwa anthu ambili ku America. Musaganize kuti ni za azungu zokha. Mtundu wina wa Mirai unasewenzetsedwa kumenya kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, ndipo unasokoneza intaneti ya dzikolo. Mwamuna wa ku Britain amene anacita zimenezo, Daniel Kaye, anamangidwa ku London mu 2019. Gulu lake lomwelo linagwetsa marauta pafupifupi 900,000 a makasitoma a Deutsche Telekom ku Germany. Eni ake a zipangizo zimene zinagwidwa sanagwileko, anamvela malangizo. Zinthu zao zinali kusewenzela munthu wacilendo, pa magetsi ao na pa bundle yao.

OpenWrt si mankhwala a sing'anga. Ukaiika kumene ilibe pasiwedi, imakucenjeza pa peji yoyamba, ndipo ukanyalanyaza ni mlandu wako. Ma update uyenela kuwatsatila wekha. Nayonso imapezeka na mabowo: mu December 2024 wofufuza wina wa ku Japan anapeza bowo pa seva imene imaphika ma image, yomweyo imene inaniphikila yanga. Anakonza mwamsanga, analengeza poyela, ndipo anauza anthu kuti aikenso image yatsopano. Ine n'naikanso. Nimasankha nyumba imene mwini wake amakuuza kuti loko inali yothyoka kuposa imene amangopenta citseko.

Cotsutsa ca ndalama ndiye cili na mano, ndipo sinidzacizemba. Mu November 2024 a OpenWrt, pamodzi na Software Freedom Conservancy na opanga Banana Pi, anatulutsa rauta yaoyao, OpenWrt One. Ili na memori ya 1 GB, Wi-Fi 6, pologwela nthambo ziwili, na kaswichi kobwezela zinthu ukaononga firmware, kuti cipangizo cisafe. Mtengo wake unali madola 89, ndipo madola 10 pa iliyonse amapita ku thumba la OpenWrt. Ku Berlin izo ni ndalama za cakudya ca madzulo ca anthu awili. Kuno, ukaikapo zotumizila na msonkho, ni lendi ya cipinda. Amene amalemba za zinthu izi pa intaneti amaiwala kuti liu lakuti "yochipa" limasintha likaoloka nyanja. Pali tumabolodi tocepelako mtengo, monga NanoPi R2S imene ili na pologwela nthambo ziwili koma ilibe Wi-Fi. Koma njila ya mu komboni ni ya kaunjika. Marauta akale ali mbwee m'makatoni a okonza zinthu ku Katondo Street na m'maofesi amene anasintha kampani ya intaneti. Tembenuza, welenga nambala ya model na version, uyangane pa Table of Hardware ya OpenWrt. Ikakhala ya flash ya 4 MB na memori ya 32 MB isiye, yakalamba, matembenuzidwe atsopano sakwanamo. Funa ya 16 MB na 128 MB kupita pamwamba. Ndipo ndalama yake igawanike pa zitseko zonse, monga mmene timagawilana ya zinyalala.

Nikambenso zimene siicita, kuti wina asabwele kudzanitukwana pa kantemba. Siipanga bundle. Siitsitsa mtengo wa gigabaiti. Siibweletsa mlongoti pafupi. Rauta imene kampani inakubweleka usaigwile, si yako, ika kabolodi kako kumbuyo kwake monga n'nacitila ine. Pa Wi-Fi sankha dziko ZM kuti usapitilile mphamvu yololedwa. Ndipo kusonkhelana pa yadi ni nkhani ina, kugulitsa intaneti ku mseu wonse ni inanso, imeneyo ili na malaisensi ake ku ZICTA.

Cimene cimanipsetsa mtima kwambili ni maganizo akuti zinthu izi si zathu, ni za anyamata a ku Europe a ndevu na khofi. Ku Macha, kumudzi kufupi na Choma, m'zaka za m'ma 2000, anthu anamanga netiweki yolumikiza cipatala, masukulu na nyumba, intaneti ikucokela pa dishi ya satelaiti. Anasewenzetsa marauta a Linksys omwe aja, ataikamo Freifunk, imene ni mwana wa OpenWrt, ndipo acinyamata a kumeneko anaphunzila kukwela milongoti na kukonza. Ku Mankosi, ku Eastern Cape ya South Africa, mudzi unamanga netiweki yaoyao, Zenzeleni, dzina la Cixhosa lotanthauza kuti dzicitileni mwekha, ndipo anayamba na tumabokosi tochedwa Mesh Potato tumene tunali kuyenda pa OpenWrt. Ku Macha anacita zimenezi ine nikali ku pulaimale. Ife tili mu Lusaka, fibre imapita pansi pa mseu wathu kupita ku mayadi, timasintha sikilini ya foni na maso otseka, timadziwa kupatsa moyo batili yakufa, koma pa rauta timapinda manja monga pa malilo.

Pali nkhani imodzi imene inanisowetsa tulo, ndipo nikaibisa ningakhale wabodza. Patapita mwezi, bambo wina wa pa yadi ananitsatila ku kantemba. Anayamba na nkhani ya chaja, ndiye anatsitsa mau. "Sisi, popeza manje uona vonse, niyanganileko vamene amake mwana amacita pa foni usiku." N'nazizidwa. Zoona zake n'zakuti amene agwila rauta angathe kuona zambili. Zolembedwa m'meseji sangaziwelenge, ni zokhomedwa, koma maina a malo amene foni ikupita, na nthawi yake, angawaone ngati afuna. N'namuuza kuti makinawo amangowelenga kuculuka, ndipo ngati ali na nkhani na akazi ake akakambe nao. Anacoka wokhumudwa, ndipo mpaka lelo moni wake ni wa pakamwa cabe.

Wina anganene kuti apa ndiye pali umboni wakuti kabokosi kazikhala kotseka. Ine niona mosiyana. Mphamvu yoona imeneyo inalipo kale, ili kwa kampani ya netiweki, ili kwa wopanga rauta, ili kwa aliyense amene analowa na admin na admin. Kusiyana kwake ni kwakuti ine amanidziwa pamene nimagona, ndipo angathe kunifunsa. Sabata yomweyo n'naitanitsa yadi yonse. Tinagwilizana kuti rauta izisunga kuculuka kwa mabaiti cabe, osati kumene munthu wapita. Pa Sondo paliponse manambala amalembedwa pa pepala na kumatidwa pafupi na pompi kuti aliyense aone, na yanga yomwe. Pasiwedi yaikulu inalembedwa pa kapepala ndipo amasunga ni ambuye a mnyamata uja, m'kacitini ka ndalama za tomato, kuti tsiku limene ine nidzayamba kudzimva, yadi ithe kuitana munthu wina n'kunicotsa.

Ndipo apa nitembenukile kwa inu anzanga amene mumazidziwa kale zinthu izi, cifukwa ena a inu ndinu oipa kuposa makampani. Mumaika OpenWrt pa rauta ya munthu, mumasintha pasiwedi, simum'patsa, kuti akavutika azikuitanani na kukulipilani. Wina akafunsa funso la woyamba kumene mumam'seka. Ine n'tafunsa za driver ija m'gulu lina la pa WhatsApp, yankho loyamba linali lakuti nipatse boyfriend wanga acite. Anthu amene simunawaonepo anakupatsani nchito yao ya zaka 20 mahala, na malemba ake onse, ndipo inu mwaitenga n'kuikhomela m'mutu mwanu. Mukalanda kiyi kwa kampani n'kuiika m'thumba lanu, kwa mayi wa pa citseko cacitatu palibe cimene casintha, wangosintha bwana.

Mnyamata wa citseko cothela anatsiliza giledi 12, ndipo akali kuyembekezela malo ku koleji. N'nam'patsa memori khadi yaciwili na laputopu yanga madzulo alionse. Pa Ciwelu capita anafuna kupatula netiweki ya alendo kuti abale obwela kudzaceza asamalowe pa yathu. Analakwitsa mzele umodzi pa firewall, pa khadi yeniyeni osati yoyeselela, ndipo yadi yonse inazima, na ife tomwe sitinathe kulowa pa 192.168.1.1. Inali nthawi ya bola. Ba landilodi anatuluka na vesti, akukuwa kuti anakamba kale kuti ana asamagwileko.

Pi ili na pologwela HDMI, conco njila yacidule inali kuilumikiza ku sikilini na kiyibodi. Sikilini yaikulu pa yadi ni imodzi. Tinanyamula kabolodi kupita m'nyumba mwao, tinacotsa nthambo kumbuyo kwa TV ija, ndipo pa galasi panayamba kutsika tumalemba toyela pa mdima. Mudala anakhala pa sofa, manja pa mimba. "Manje iyi ni channel bwanji?" anafunsa. Mnyamatayo manja anali kunjenjemela. Anayangana kwa ine, ine n'nayangana kudenga. Analemba firstboot, anavomeleza, analemba reboot, ndiye anabweza backup ya pa Cisanu. Bola tinaipeza ili m'hafu yaciwili, ndipo netiweki ya alendo akuti adzayesanso Ciwelu cikubwela, pa khadi yake.